Geti la ku Mesa Chata

Orval Tackett anafika pageti kum'mawa kutangoyamba kufiira, nazimitsa pikapu. Getilo silinali lachilendo kwa iye. Analiwotcherera yekha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndi mapaipi amene anatsala pokumba mjigo, ndipo mpaka lero linali lisanapendekeke ngakhale pang'ono. Chikwangwani nachonso chinali chomwe chija, mawu ake omwe, kungoti wina anachipaka utoto watsopano: MALO ANO ALI NDI MWINI. WOLOWA ADZAMANGIDWA. Zachilendo zinali ziwiri basi, loko wa manambala patcheni ndi kakamera kamene kankamuyang'ana kali pamwamba pa mzati.

Kuseri kwa getilo msewu unkayenda mailosi awiri m'famu ya ng'ombe imene kale inali yake, kenako n'kukwera Mesa Chata, phiri lathyathyathya la boma, louma, la mikungudza ndi mapaini aafupiafupi, kumene mphalapala zimakhala. Phirilo ndi la aliyense. Kuyambira kale anthu a m'chigwa ankadzera msewu womwewu pokadula nkhuni, pokatola mtedza wa paini ndi pokasaka. Orval anapirira zipata zosiyidwa zosatseka ndi mabotolo otayidwa paliponse, mpaka tsiku limene mlenje wina woledzera anawombera ng'ombe yake ya bere poiyesa mphalapala. Sabata yomweyo anaika geti. Anthu anamutengera kukhoti, mlandu unatha zaka zitatu, iye n'kuwina. Kuchokera pamenepo okwera phirilo pagalimoto anali alendo ake okha, mabwana a ku Texas, amene ankawatsogolera mpaka pamene pali nyama.

Kenako kunagwa chilala cha zaka zisanu, mawondo anayamba kukana, mkazi wake Nadine anamwalira. Famu anaigulitsa kwa mkulu wina wolemera wa ku California, amene tsiku losainirana anamugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Pano ndi panu, Bambo Tackett. Muzibwera nthawi iliyonse."

Tsopano Orval ankakhala m'tauni, m'kanyumba ka kuseri kwa mwana wake wamkazi. Adakali ndi famu, ziphaso zosakira zinkamupeza pakhomo, poti eni mafamu amapatsidwa zawozawo. Popanda famu anayenera kulembetsa maere ngati wina aliyense. Zaka zinayi maere anamulambalala. Chaka chachisanu, iye ali ndi zaka 71, anamugwera: mphalapala imodzi yamphongo, ku Mesa Chata, masiku asanu a mu Okutobala.

Anaimba nambala imene inali m'munsi mwa chikwangwani. Anayankha Darla Whitcomb, kapitawo wa famuyo, mayi wa mawu ansangala amene kale ankagwira ntchito kuhotela.

"Ndine Orval Tackett. Ndili pageti."

"Aa, Bambo Tackett! Mwadzuka bwanji? Ndikukuonani pakamerapa. Chipewacho chakukhalani."

"Ndipatseni manambala a lokoyu."

"Pepani kwambiri, bambo. Nyengo yosaka sitilola munthu kudutsa. Tili ndi alendo."

"Sindikudzasaka m'famu mwanu ine. Ndingodutsa, ndikupita kuphiri la boma. Chiphaso ndili nacho. Bwana wanu anandiuza ndi pakamwa pake kuti ndizibwera."

"Ndikukhulupirira kuti anatero, ndi munthu wabwino. Mudzabwere mu Meyi, tidzamwe khofi. Koma maloya athu akuti tikalola mmodzi, msewu ukhoza kubwereranso kukhala wa aliyense. Pali chigamulo cha khoti pa nkhaniyi." Anaseka pang'ono. "Ndikukufotokozerani chiyani? Si chanu chomwe chija? Kuofesi kuno tinachiika m'felemu."

Orval anakhala m'pikapu kwa kanthawi, foni ili pamwendo. Ankadziwa pamene tchenicho chikanaduka mosavuta, ndipo chodulira chinali kumbuyo. Anayang'ana kakamera kaja, nako kanamuyang'ana. Analiza injini n'kubwerera.

Njira ina yokwerera Mesa Chata ili chakumpoto. Orval anali asanaiyendepo, koma m'khoti anaitchula kangapo, kuuza woweruza kuti anthu asamadandaule poti njira ilipo, yabwinobwino. Anazungulira phiri maola awiri pamsewu wafumbi, wamiyala yosongoka, mpaka msewuwo unathera m'khwawa louma. Kuchokera pamenepo ndi mailosi asanu ndi anayi a miyendo, okwera okhaokha.

Pansi pa mkungudza panaima pikapu yakale ndi ngolo yake, ndipo bambo wina wamfupi, wa ndevu zoyera, ankamangirira katundu pa nyulu ziwiri. Atatembenuka, Orval anamuzindikira. Anali Eloy Sisneros, amene kale ankayendetsa basi ya ana asukulu. Pa mlandu uja ndiye anali mboni yoyamba ya anthu a m'chigwa.

"Taonani amene watiyendera!" anatero Eloy, akuvula chipewa mpaka kuchifikitsa pachifuwa. "Bwana Tackett! Mwasochera kodi? Kunotu n'kwa ife oyenda pansi."

"Sisneros. Udakali moyo."

"Kuyenda kumathandiza, bwana. Adokotala akuti mtima wanga ndi wa munthu wa zaka makumi anayi. Ndinawauza kuti asathokoze ine, athokoze inu."

Orval anatembenukira kupikapu yake. Anabereka chikwama, anakoleka mfuti paphewa, nauyamba. Mailosi oyamba anayenda ngati munthu amene akudziwa kuti akuonedwa. Achiwiri njira inalowa m'miyala, dzuwa linakwera, ndipo bondo lakumanzere linayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri. Eloy anamupeza atakhala pathanthwe, akuchita ngati akumanga chingwe cha nsapato.

"Bweretsani chikwamacho," anatero Eloy.

"Ndinyamula ndekha."

"Mukafera panjira pano anthu adzati ndine, ndipo palibe amene adzandikhulupirire. Bweretsani." Anachimangirira pa nyulu yakutsogolo. "Iyi dzina lake ndi Jaji. Inayo ndi Loya. Zonse ziwiri sizimva, koma katundu zimanyamula."

"Chiphaso chako ndi cha yamphongo kapena yaikazi?"

"Ndilibe. Maere anandilambalala. Ndabwera kudzatola mtedza, chaka chino wabereka. Komanso ndinazolowera. Okutobala akafika, miyendo imanyamuka yokha."

Anafika pamwamba dzuwa litapendeka. Pafupi ndi pamene anamanga tenti panali dziwe limene boma linakumbira nyama kalekale. Linali gwaa, matope ake atang'ambikang'ambika. Orval anapenya kumbali. Madzi a dziwelo ankachokera pamjigo wa famu, ndipo ndi iye amene anadula paipi zaka khumi ndi zisanu zapitazo n'kumanga chomwera chatsopano mbali yake ya mpanda, kuti mphalapala zizimwera kumene alendo ake akudikirira.

"Linangouma lokha chaka china," anatero Eloy, akutsitsa zigubu zamadzi pa Loya. "Zodabwitsa. Ena amati ndi afiti."

"Chilala," anatero Orval.

"Ee, chilala. Chimene chimathera pawaya."

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu Orval anasaka monga ankadziwira, ndipo kudziwa ankadziwa. Koma kunja kunali kotentha ngati si Okutobala, pansi pali pouma moti phazi lililonse linkamveka patali, mphepo nayo ikusinthasintha. Mapazi amene anapeza anali akale, ndowe zouma. Mphalapala anaziona, inde, zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndi magalasi ake oonera patali. Zonse zinali tsidya lina la mpanda, zitazungulira chomwera chake chija, zina zitagona, zikubzikula. M'mawa uliwonse galimoto yonyezimira inkakwera msewu wa famu, mfuti inkalira kamodzi, ndipo pasanathe ola alendo amakhala akutsika kukadya mazira.

Kale iye ndiye ankayendetsa galimoto imeneyo. Anakumbukira kuti nthawi zina ankaona timadontho tofiira kutali mbali ya boma, zipewa za alenje oyenda pansi, ndipo ankauza alendo ake kuti amenewo ndi anthu okonda kuzunzika.

Masana a tsiku lachitatu anabwerera kutenti atafooka, milomo itauma. Eloy anali atakhala pamthunzi ndi thumba la mtedza, manja ali bii ndi utomoni. Anamupatsa buledi wopyapyala wokulungira nyemba ndi tsabola wobiriwira.

"Mukusaka ngati mwini famu," anatero Eloy. "Mukufuna nyama ikupezeni pamene mwaifunira. Malizani kudya, ndikuonetseni china."

Anatsata mpanda chakumadzulo mpaka pamene unatsikira m'kachigwa ka miyala yofiira. Pamenepo pawaya wapamwamba panakodwa ubweya, ndipo pansi panali kanjira koponderezedwa bwino mbali zonse ziwiri.

"Kukazizira zimalumphira apa, kubwera kudzabisala mphepo m'mikungudzamu. Mawa kuzizira, mafupa anga anena kale."

Orval anaima chilili. Malowo anawadziwa. Waya wa pamenepo ankamupeza atadulidwa, ndipo anamulumikiza kosawerengeka, chaka ndi chaka, akutukwana. Anabisalirapo ndi mfuti masiku angapo, anaitanapo apolisi, anachotsa ntchito munthu wosalakwa pomuganizira.

"Ndiwe unkadula apa."

"Ine? Ndimaopa malamulo ine, bwana. Ndi Orlinda."

"Mkazi wako?"

"Pulayala yodulira waya ankaisunga m'chikwama cha kutchalitchi. Ankati Mulungu sanalenge mphalapala ndi dzina la Tackett pamatako. Anasiya nyamakazi itamugwira manja, koma nyama zinali zitazolowera kale. Ana a nyamazo akulumphirabe pomwepa."

Orval anakumbukira mayi woonda wa m'kwaya amene pamaliro a Nadine anabwera ndi mphika wa nyama ya tsabola, n'kutsuka mbale zonse osauzidwa. Anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira.

M'mawa wa tsiku lachinayi anadzuka kunja kutayera. Chipale chofewa chinali chitagwa chochepa, chongophimba nsapato, ndipo mphepo inkawomba mbali imodzi. Anakabisala kuseri kwa thanthwe moyang'anana ndi kachigwa kaja. Anadikira mpaka zala zinachita dzanzi. Kenako zazikazi zinayamba kulumpha, imodziimodzi, mopanda phokoso, zisanu ndi ziwiri. Yamphongo inabwera pambuyo, khosi lakuda, nyanga za nthambi zisanu ndi imodzi mbali iliyonse. Inaima pawaya nthawi yaitali ikununkhiza, mpweya ukutuluka ngati utsi. Inalumpha.

Orval anailekerera kuti ilowe ndithu mbali ya boma. Pa moyo wake anaonapo mphalapala mazanamazana zikugwa, koma zambiri zinali za anthu ena, iye atangoloza ndi chala. Anapuma, nakoka.

Chipolopolo chinalowa pabwino, kuseri kwa phewa. Nyamayo inadzandira, inatembenuka, ndipo ndi mphamvu zake zomaliza inathamangira kumene inachokera. Inalumpha waya, miyendo yakumbuyo ikukhudza, inayenda mapazi makumi atatu m'famu, n'kugwa.

Anatsikira kumpanda onse awiri. Inali pomwepo, yooneka bwinobwino, nyanga imodzi italoza kumwamba.

"Yakafera kwa eni," anatero Eloy.

Orval anaponda waya wapansi kuti awoloke. Eloy anamugwira jekete, naloza ndi mlomo. Pamzati wachitatu panali kakamera kena.

"Ndi mapazi makumi atatu okha!"

"Mphalapala yanga ija inafera mapazi khumi ndi awiri okha m'famu mwanu. Mwaiwala? Ndinabwera kunyumba kwanu chipewa chili m'manja. Munati chiphaso changa chimathera pawaya. Inadyedwa ndi nkhandwe ine ndikuona."

Orval sanaiwale. Anachotsa phazi pawaya, natulutsa foni.

Darla anafika pasanathe mphindi makumi awiri, pagalimoto yonyezimira ija, ndi antchito awiri. Anali wamtali, wovala jekete yaukhondo, ndipo anasangalala ndi mtima wonse.

"Bambo Tackett, koma ndiye mwaombatu! Alendo athu akhala akuifuna imeneyi sabata yonse." Anajambula nyamayo, anajambula magazi a pachipale mbali ya boma, anajambula chiphaso chimene Orval anamuonetsa kudzera pawaya. "Zonse zili bwino. Ndingowaimbira bwana."

Bwana anali panyanja, paboti, ndipo foni sinkagwira. Anadikira. Dzuwa linakwera, chipale chinayamba kusungunuka, akhwangwala awiri anatera pamkungudza. Orval ankayenda uku ndi uku m'mbali mwa mpanda. Nyama yosatumbula ikakhalitsa padzuwa imawonongeka, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa zimenezo kupatula mwina Darla. Eloy anakhala pamwala n'kumaswa mtedza ndi mano.

Patatha maola awiri foni inalira. Darla anaika mokweza kuti onse amve.

"Tackett uti?" anafunsa mawu a kunyanja. Darla anafotokoza. "Oo, mdala uja! Mpatseni, mpatseni, ameneyo ndi wachibale. Mumuuze kuti azibwera nthawi iliyonse."

Orval anapondanso waya.

"Aa, pepani, bambo," anatero Darla msangamsanga. "Za nyama atipatsa chilolezo, koma inuyo ayi. Wakunja saponda m'famu nyengo ino, zimenezo ndi za maloya, ngakhale bwana sangasinthe. Anyamatawa akutumbulirani."

Choncho Orval Tackett anaima mbali ya boma, manja atagwira waya, akuonerera anthu awiri achilendo akutumbula mphalapala yake ndi mipeni yobuntha.

"Osati pamenepo! Uboola matumbo! Kweza mpeniwo, iwe! Anakuphunzitsa ndani?"

"Muwalankhule bwino, bwana," anatero Eloy. "Nyama ili kwawo."

Anaikweza m'galimoto ndi chingwe cha injini, nyanga zitatulukira kunja. Darla anati akaisiya kubutchala ya m'tauni, dzina la Tackett litamangiriridwa kunyanga. Orval anayang'ana mpando wakumbuyo, wopanda munthu. Anayang'ananso kumpoto, kumene kunali mailosi asanu ndi anayi aja.

"Mayi Whitcomb, bondo langali latupa. Mukanangonditsitsira pageti. Mwana wanga adzanditenga pamenepo."

Nkhope ya Darla inagwa, ndipo chisoni chake chinali chenicheni. "Ndikanakonda, bambo, Mulungu akudziwa. Koma a inshuwalansi salola. Mutavulala m'galimoto mwathu ingakhale nkhani. Nyamayi ndiye palibe vuto, siingatisumire."

Anamuthirira khofi wotentha m'kapu yapepala n'kumupatsira pakati pa mawaya. Galimoto inatembenuka, ndipo mphalapala inatsika phiri pamsewu wa Orval, itagona bwinobwino, nyanga zikugwedera.

Anapasula tenti masana omwewo. Atayenda mailosi amodzi bondo linakaniratu, ndipo Eloy anasamutsira katundu yense pa Loya n'kumukweza Orval pa Jaji. Munthu amene anakhala pahatchi moyo wake wonse anatsika Mesa Chata atakhala pa nyulu yopanda chishalo, atagwira thumba la mtedza, Eloy akukoka chingwe patsogolo.

"Mwezi wamawa kuli msonkhano kukhonsolo," anatero Eloy osatembenuka. "Tikupemphanso kuti boma ligule msewu uja. Kakhala kachisanu ndi chimodzi. Mutabwera inu n'kulankhula, mwina angamve."

Anadutsa miyala ija.

"Mayi Whitcomb uja ntchito sakuidziwa," anatero Orval.

"Wakupatsani nyama yanu."

"N'zimene ndikunena. Ukapatsa mmodzi, chaka chamawa abwera khumi, aliyense ndi nyama yake yofera pawaya. Ndikanakhala ine sindikanapereka."

Eloy anaseka mpaka anatsamira pakhosi pa nyulu, akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Orval sanaone choseketsa.

Nyama sinawonongeke, kupatula mbali imene inagonera pansi. Orval anatenga mwendo wathunthu wakumbuyo n'kupita nawo kwa a Sisneros. Orlinda anaulandira pakhomo ndi manja ake opindika, anathokoza mwaulemu, namufunsa ngati waya wa masiku ano ndi wolimba kuposa wakale. Orval anati ndi wolimba. Mayiyo anapukusa mutu modandaula.

Kumsonkhano anapita. Atalowa m'holo, atavala jekete ya kutchalitchi, anthu anatembenuka n'kuyamba kunong'onezana, poti Eloy anali atauza chigwa chonse. Wapampando atamuitana, anaimirira ndi ndodo, nayeretsa kukhosi.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero. "Njira ya kumpoto ija si njira. Amene ananena kuti ndi yabwino sanaiyendepo."

M'holo munamveka kuseka, ena anawomba m'manja. Eloy, amene anakhala pambali pake, anagwedeza mutu monyadira.

"Ndiye ndikupempha kuti geti litsegulidwe," anapitiriza Orval. "Osati kwa aliyense, ayi. Mukatero mubweretsa zidakwa ndi mabotolo, ndikudziwa zimene ndikunena. Litsegulidwe kwa anthu opitirira zaka 70."

Manja aja anasiya kuwomba. Orval anakhala pansi, wokhutira. Eloy anamuyandikira kukhutu.

"Bwana, inetu ndili ndi zaka 68."

"Udikira," anatero Orval.

Khonsolo inalemba mapempho onse awiri, n'kunena kuti ikawaunika.